Pokonza galimoto zakale tisamanyengeke ndi kunyezimira

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi amisiri amene amadzutsa galimoto zakale, zija za m'ma 1950, 1960 ndi 1970, pamodzi ndi eni ake amene amalipira ntchitoyo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akumasankha masipeyala potengera kuwala basi. Bawuti ikangonyezimira, bampa ikamaonetsa nkhope, chasisi chikada bii n'kumati waliwali, onse akuti ntchito yatheka. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, dzimbiri latulukira m'munsi mwa zitseko, komanso galimotoyo sikufanana n'komwe ndi mmene inatulukira kufakitale. Mwini wake waluza pawiri, chifukwa maonekedwe enieni apita ndipo chitetezo palibe.

Chitsulo chilichonse chiyenera kufunsidwa mafunso awiri osiyana. Loyamba, chinkaoneka bwanji chili chatsopano? Lachiwiri, chimakhala pati pa galimotoyo: pofika madzi ndi matope, potentha, kapena ponyamula katundu wolemera? Yankho la funso loyamba ndilo limasankha chokutira chapamwamba, chimene diso limaona. Yankho lachiwiri limasankha zimene zimapita pansi pake ndi m'kati mwake. Makampani akale sankateteza galimoto bwino, tisanamizane. Njira yoviika thupi lonse la galimoto mu pulayima (penti woyamba wapansi) wogwira ndi magetsi inayamba ndi Ford m'ma 1960, ndipo Porsche inayamba kukuta thupi lonse la galimoto yake ya 911 ndi zinki pa galimoto za mu 1976. Zambiri zimene zinapangidwa kale kuposa apa zinkatuluka m'kati mwa mphako zake muli chitsulo chosapakidwa kanthu. Choncho wotengera fakitale pa chilichonse amatengeranso dzimbiri lake. Titengere zooneka, koma zobisikazo tizipange bwino kuposa mmene iwo ankapangira.

Umboni wa maonekedwe enieni uli pa galimoto yomweyo, ndipo anthu amauwononga tsiku loyamba ndi bulashi ya waya. Musanapale kanthu, masulani bawuti muone pansi pa washa, kuseri kwa bulaketi, pansi pa kapeti, m'kati mwa chitseko, malo amene dzuwa ndi madzi sizinafikepo. Tsukani ndi mankhwala ochotsa girisi ndi bulashi yofewa, mujambule chithunzi panja masana, chitsulocho muchiike m'kathumba kolembedwa kumene chachokera. Mudzaona kuti fakitale sinali yaudongo monga timaganizira. Penti ankayenderera pa zitsulo zoviika, utoto wa thupi unkawazikira pang'ono kunsi, pena pali chizindikiro cha choko cha woyendera ntchito. Galimoto yosalala paliponse ndi yokongola, koma si mmene inalili.

Diso la munthu wodziwa limayambira pa tizitsulo ting'onoting'ono. Mabawuti ambiri, zokowera, timabulaketi ndi tizivundikiro sizinkapakidwa penti. Zinkakutidwa ndi chitsulo china pogwiritsa ntchito magetsi. Mpaka m'ma 1970 mafakitale ambiri ankakuta ndi cadmium, amene amaoneka woyera motuwirako, wosawala kwenikweni, kapena wachikasu chosakanikira kubiriwira ndi kufiirira akaviikidwa m'mankhwala oteteza otchedwa chromate. Cadmium ndi poizoni. Chitsulo chakale chimene mukuchikayikira kuti chili naye musachipale chouma kapena kuchiwotcherera, utsi wake umawononga mapapo. Amene analowa m'malo mwake ndi zinki, ndipo akakonzedwa bwino ndi anthu ochepa angasiyanitse. Lamulo la European Union la mu 2000 lokhudza galimoto zotha ntchito linaletsa cadmium, mtovu, mercury ndi hexavalent chromium m'galimoto zatsopano, ndipo pofika mu 2007 chromate wakale uja, amene ali ndi hexavalent chromium, anasiya kuloledwa kumeneko ngakhale poteteza zitsulo ku dzimbiri. N'chifukwa chake mabawuti achikasu ambiri a masiku ano amaoneka otumbuluka, opanda kusakanikira kwa mitundu kuja. Funsani wokuta zitsulo akuonetseni chitsanzo musanamupatse thumba lonse.

Chofunika kuposa mtundu ndi kukhuthala kwa zinkiyo, ndipo apa ndi pamene masipeyala otchipa amaberapo. Amayeza m'maikiloni, ndipo maikiloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Maikiloni 5 ndi okwanira chitsulo chokhala m'kati mouma, monga kuseri kwa dashibodi. M'chipinda cha injini pafunika 8 mpaka 12. Kunsi, kofika madzi ndi matope, pafunika 12 mpaka 25. Sipeyala yongopsopsonedwa ndi zinki imawala mofanana ndi yokutidwa bwino tsiku logula, kusiyana kwake kumaoneka mvula ikadutsa. Dziwaninso kuti pa mazinga a bawuti kukhuthala kumawirikiza kanayi, moti maikiloni 12 amanenepetsa mazingawo ndi maikiloni pafupifupi 48, ndipo pa timabawuti ting'onoting'ono nati imayamba kuuma. China, zinki sakwirira zipsera za dzimbiri. Amangotsatira mmene chitsulo chilili. Chitsulo chopukutidwa chimatuluka chowala, chowombedwa ndi timikanda tagalasi tosalala chimatuluka chotuwa bwino, pafupi kwambiri ndi cadmium wakale.

Pali ngozi imodzi imene sindikufuna tiidumphe. Chitsulo cholimba kwambiri chikaviikidwa mu asidi kapena kukutidwa ndi magetsi, mpweya wa haidirojeni umalowa m'kati mwake n'kuchichititsa kuti chizithyoka mosachenjeza. Bawutiyo imamangika bwinobwino, pakapita maola kapena masiku mutu wake umangoduka wokha. Izi zimakhudza makamaka mabawuti olimba kwambiri, olembedwa giredi 12.9 ndi 10.9 pamutu, masipiling'i ndi timakilipu tolimba. Mankhwala ake ndi kuziwotcha mu uvuni pa madigiri a Celsius 190 mpaka 220, osachepera maola 4 ndipo zolimba kwambiri nthawi yotalikirapo, kuyambira pasanathe maola 4 chikutireni. Ngati wokuta zitsulo sakudziwa nkhani imeneyi, musamupatse mabawuti a chiwongolero, a mabuleki kapena a sasipenshoni. Gulani atsopano a giredi yoyenera.

Ena amathawira ku mabawuti a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, poganiza kuti athana nalo dzimbiri. Pa bampa, pa nambala kapena pa zokongoletsa palibe vuto, kupatula kuti kuwala kwake si kwa nthawi imeneyo. Koma bawuti ya stainless yolembedwa A2-70 imayamba kutamuka pa 450 MPa (muyezo wa mphamvu yoikoka), pamene yachitsulo wamba ya giredi 8.8 imafika 640 MPa. Pa malo onyamula katundu ya stainless isayandikire. Mazinga akenso amakonda kulumana ndi nati mpaka kukanirira, choncho muzipakapo girisi woletsa kukanirira. Muonetsetsenso mtundu wa mazinga, chifukwa galimoto za ku Britain zakale zili ndi BSF ndi Whitworth, zapambuyo pake ndi za ku America zili ndi UNF ndi UNC, ndipo bawuti ya metric yokakamizidwa pamenepo imapha mazinga.

Mahinji a boneti, zotsekera ndi masipiling'i ena, makamaka pa galimoto za ku America, zinali zotuwa modera, zokhakhala pang'ono. Chimenecho ndi chokutira chotchedwa phosphate. Chitsulo chimawombedwa mpaka kuyera, osachigwiranso ndi manja, n'kuviikidwa m'mankhwala a manganese phosphate otentha madigiri 90 mpaka 95 kwa mphindi 10 mpaka 15, kenako kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kunyikidwa mu oyilo chikadali chofunda. Chimene chimateteza ndi oyiloyo, phosphate amangomusunga m'timabowo take. Oyilo akauma dzimbiri limabwera, choncho chaka chilichonse muzipukutanso ndi kansalu ka oyilo. Black oxide, chokutira china chodetsa chitsulo, ndiye wofooka kwambiri, sapitirira maikiloni imodzi kapena awiri, ndi wa malo ouma okha. Zitsulo zoumba monga bokosi la chiwongolero ndi master cylinder (pampu ya mabuleki) kawirikawiri zinkatuluka zosapakidwa kanthu ndipo zinkafiira pasanathe miyezi. Apa ndimalimbikitsa pulayima wa epoxy wopyapyala, pamwamba pake penti wotuwa wosawala wofanana ndi chitsulo choumba. Samalani pothira mafuta a mabuleki, chifukwa mafuta a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amasungunula penti wamba.

Kuda kulinso ndi mitundu yake. Chasisi, manja a sasipenshoni ndi mabulaketi ankapakidwa penti wakuda wowala pang'ono chabe, nthawi zambiri pongoviika. Masiku ano anthu akuthamangira powder coat, penti waufa wowotcha mu uvuni pa madigiri 180 mpaka 200. Ndi wolimba, sindikukana, koma amakhuthala maikiloni 60 mpaka 100 kapena kupitirira, ndiye amakwirira manambala odindidwa ndi timizere ta fakitale, chitsulo n'kumaoneka ngati chapulasitiki. Amapyapyala m'mphepete mwakuthwa, ndipo mwala ukamugamula, ngati pansi pake panalibe pulayima, dzimbiri limakwawa kunsi kwake mwakachetechete mpaka amatuke chikamba chonse. Kumugamba n'kovuta. Choopsa kwambiri n'kumusiya pa malo okumana zitsulo ziwiri, monga pamene limu limakhalira pa habu kapena pansi pa mitu ya mabawuti a chiwongolero. Amaphwanyika pang'onopang'ono, bawuti n'kukhwepa. Malo amenewo azitsekedwa asanapopere, chimodzimodzi pomangira waya wa ethi. Kwa ine njira yabwino ndi epoxy pansi, pamwamba penti wakuda wa 2K (wosakaniza ndi mankhwala olimbitsa) wothiridwa mankhwala ochepetsa kuwala, mutayamba mwayesa pa kachitsulo kena n'kukayerekeza ndi pamalo pobisika paja. Penti wa 2K ali ndi poizoni wotchedwa isocyanate, choncho wopopera avale chigoba cholandira mpweya wabwino kuchokera panja, osati kansalu kapamphuno.

Za mitundu ya injini sindichedwapo. BMC, kampani ya ku Britain, inali ndi kubiriwira kwake, Chevrolet mtundu wa olenji, Ford ya ku America buluu kuyambira mu 1966, ndipo penti wake amapezeka. Chachikulu n'kuchotseratu oyilo pa chitsulo choumbacho, apo ayi penti sagwira. Manifodi ya ekizozi imapitirira madigiri 500, penti wamba amapsa tsiku lomwelo. Pafunika ceramic kapena penti wa kutentha kwambiri, amene amalimba pokhapokha atatenthedwa pang'onopang'ono monga malangizo ake anenera.

Chrome amanyenga anthu kuposa china chilichonse. Chrome weniweniyo ndi kachikuto kopyapyala kosakwana theka la maikiloni imodzi. Ntchito yoletsa dzimbiri amagwira ndi nickel amene ali pansi pake. Bampa yabwino imayamba ndi mkuwa, umene umapukutidwa kuti ukwirire timaenje, kenako nickel wa magawo awiri wokwana maikiloni 20 mpaka 30, chrome pomalizira. Mabampa otchipa amadumpha mkuwa n'kupyapyalitsa nickel, ndipo timadontho tofiira timatuluka msanga. Funsani wogulitsa za nickel, osati za kuwala. Kuseri kwa bampa magetsi okutira safikako bwino, ndiye dzimbiri limayambira kumeneko n'kuboolera kutsogolo. Isanamangidwe, ipaleni pang'ono kuseriko, muipake epoxy ndi penti wasiliva, kenako phula lofewa. Zogwirira zitseko ndi mabaji ambiri ndi a zinki woumba, uja amamutcha Mazak kapena Zamak. Akatuluka matuza, bowo lililonse liyenera kukumbidwa ndi kudzazidwa asanakutidwenso, apo ayi matuzawo amabwerera. Ndipo musanatumize zokongoletsa kwa wokuta, onetsetsani ngati n'zachrome n'komwe, chifukwa zambiri ndi stainless yongofunika kupukuta kapena aluminiyamu. Galimoto za kale kwambiri, chrome asanafale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, zinali za nickel yekha, wowala mwachikasu pang'ono, ndipo kuziika chrome n'kuzisintha msinkhu.

Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali chinyezi, chimodzi chimadyeka. Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, ndi chitsanzo chodziwika: malata ake ndi a aluminiyamu wotchedwa Birmabright, koma mafulemu a zitseko ndi chasisi n'zachitsulo. Pokumana pawo pamatuluka ufa woyera ndi matuza, aluminiyamu n'kubooka. Musiyanitse ziwirizo ndi penti mbali zonse, pakati muikepo tepi kapena phala loletsa kudyana, ndi mawasha apulasitiki pamabawuti. Bawuti ya stainless pa aluminiyamu popanda chotchinga imafulumizitsa vutoli. Kuviika chasisi chotere mu zinki wosungunuka wa madigiri pafupifupi 450 kumateteza m'kati ndi kunja komwe, ndipo wofuna maonekedwe akale angathe kupaka pulayima wogwira pa zinki n'kumaliza ndi penti wakuda. Koma malata opyapyala asapite m'menemo, amapindika.

Pa mapaipi a mabuleki maonekedwe agonjere chitetezo. Akale anali achitsulo ndipo amadyeka pansi pa timakilipu, posaoneka. Paipi ya mkuwa wosakaniza ndi nickel, magawo 90 kwa 10, imene Volvo inayamba kugwiritsa ntchito mu 1976, sichita dzimbiri ndipo imapindika mosavuta. Wofuna kuti ioneke yotuwa aipake penti. Ya mkuwa wokhawokha ndiye ayi, imauma ndi kunjenjemera kwa galimoto mpaka kung'aluka.

Tsopano malata atsopano, monga madigadi, pansi pa galimoto ndi zikopa za zitseko. Amabwera akuda, koma kudako kuli pawiri. Kwina ndi pulayima weniweni woviika ndi magetsi, kwina ndi kapenti kongoti lata lisafiire panjira. Nyowetsani kansalu ndi thina wamphamvu, mupukute pangodya. Kansaluko kakada, chotsani penti yenseyo mpaka pachitsulo. Kakapanda kuda, mungopala ndi sandipepa ya 320 n'kupaka epoxy. Yezaninso kukhuthala kwa latalo, chifukwa matupi ambiri akale anali a milimita 0.9 mpaka 1.0, mbali zonyamula 1.2 kapena kuposa. Lata lililonse liyesedwe pagalimoto, mipata ya zitseko ikhale bwino, lisanaone penti.

Dzimbiri lakale lichoke lonse. Kuwomba ndi timiyala ta garnet kapena galasi lophwanya ndiyo njira yabwino pa chasisi. Mchenga wamba ayi, fumbi lake limaumitsa mapapo. Pa denga ndi boneti mphamvu ya mpweya ikhale yochepa, apo ayi lata limatambasuka n'kuchita mafunde. Tizitsulo tating'ono tingaviikidwe mu citric acid, magalamu 50 mpaka 100 pa lita imodzi ya madzi ofunda, usiku umodzi, kenako kutsukidwa bwino ndi madzi a soda. Hydrochloric acid amafulumira, koma amasiya mchere umene umadzutsanso dzimbiri pansi pa penti. Mankhwala a asidi opaka pa dzimbiri kuti lide n'kusiya kudya chitsulo ndi a m'makona osafikika basi, ndipo epoxy wambiri sagwirizana ndi asidi wotsalira.

Chitsulo chowombedwa chipakidwe tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola 4. Epoxy wosakaniza ziwiri apite kawiri, auma akwane maikiloni 50 mpaka 75. Chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti, ndipo chitsulo chikhale chofunda madigiri 3 kuposa pamene mame amayambira kugwa. Kupopera m'mamawa chitsulo chili chozizira n'kutsekera madzi pansi pa penti. Tsatirani muyezo wosakanizira ndi nthawi yodikira zimene zalembedwa pachitini, chifukwa zimasiyana kampani ndi kampani. Pulayima wotuwa wodzazira uja amamwa madzi, galimoto isasiyidwe naye miyezi. Fila, phala lodzazira mophwanyika, asapite pamwamba pa etch primer (pulayima wa asidi), amamatuka. Pamalo olumikiza malata awiri pakani pulayima wa zinki wololeza kuwotcherera musanawagundanitse, ndipo mukawotcherera mupake epoxy kaye, kenako phala la polyurethane lotseka msoko. Silicone wa m'bafa asayandikire, amatulutsa asidi ndipo penti sagwirapo.

Kunsi kwa galimoto ambiri amakonda phula lakuda lokhuthala la bitumen. Likakalamba limauma n'kung'aluka, madzi amalowa m'ming'aluyo n'kukhala momwemo, pamwamba pakuoneka bwinobwino pamene pansi chitsulo chikutha. Kulipaka pamwamba pa dzimbiri kuli ngati kumanga nsalu yoyera pachilonda chosatsuka. Ngati fakitale inaika lokhakhala m'madigadi, alipo mankhwala amakono a rabala oteteza ku miyala amene amapoperedwa pa epoxy, amatuluka okhakhala chimodzimodzi ndipo amalola penti pamwamba.

Ntchito yotsiriza, imene ambiri amaiwala chifukwa sioneka, ndi ya m'mphako: m'masilu pansi pa zitseko, m'zipilala, m'kati mwa zitseko, m'njanji za chasisi ndi m'mphepete mwa boneti. Galimoto zakale zimaola kuchokera m'kati kupita kunja. Mmenemo mumafunika phula lofewa lamadzimadzi, lija amalitcha cavity wax, lopoperedwa ndi kapaipi kataliatali kokhala ndi mutu wowaza mbali zonse. Lichitike penti yense atatha ndiponso kuwotcherera konse kutatha, chifukwa phulalo limawononga penti wosauma ndipo limayaka. Chitini chiikidwe m'madzi ofunda kuti phulalo lipyapyale, galimoto nayo ikhale youma ndi yofunda. Lowetsani kapaipiko mpaka kumapeto, muzipopera mukukakoka pang'onopang'ono mpaka phula liyambe kudontha pa misoko. Oyilo wakutha wa injini si mlowam'malo wake, ali ndi asidi ndipo amafufumitsa marabala. Mukamaliza, tengani kawaya mutsegulenso timabowo tonse totulutsira madzi pansi pa zitseko ndi masilu, chifukwa phula limatitseka, ndipo chitseko chotsekeka mabowo chimasunga madzi a mvula. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse muzisuzumiramo ndi kakamera kakang'ono kapachingwe, pamene pauma muwonjezere.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wokonza galimoto zakale